Bokosi Nambala 17

Anthu a pakampani ankamutchula kuti Lumo chifukwa ntchito yake inali yodula. Anzake akajambula filimu kwa miyezi, thukuta lili kamukamu, zithunzi zonse zinkathera m'kachipinda kake kopanda zenera, kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi chimbudzi. Mmenemo, pamaso pa makompyuta awiri ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa, iye ndiye ankasankha zoti anthu adzaone ndi zoti zitayidwe. Ntchitoyi anali ataigwira zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo khumi ndi zinayi mwa zakazo anagwira ndi munthu mmodzi, wotsogolera mafilimu amene aliyense ankangowati Madala.

Madala anali munthu wosunga zinthu m'mutu. Sewero lolembedwa ankalipereka kwa osewera tsiku loyamba, lachiwiri n'kuyamba kulisintha, ndipo pofika sabata yachitatu mapepala aja ankangoyenera kukolezera moto. Ukawafunsa kuti chithunzi ichi n'chachiyani ankangoti ujambule, zonse zikadziwika kwa Lumo. Ndipo zinkadziwikadi. Ankabwera m'kachipinda muja, n'kukhala pa mpando wothyoka chotsamira, n'kumaloza ndi cholembera: ichi patsogolo, icho pambuyo, apa dula. Zinthu zooneka ngati zamisala zija zinkasanduka nkhani yoti munthu n'kuiwala kumeza malovu.

Filimu imeneyi inali yaikulu kuposa mafilimu onse amene anapangapo. Inali ya zam'tsogolo, ya chombo chouluka m'mlengalenga chonyamula anthu makumi anayi kupita nawo ku dziko lina, ulendo wa zaka khumi ndi zisanu. Anthu onsewo agonekedwa m'mabokosi otseka, makina akuwapopera mpweya, ndipo mayi mmodzi yekha ndiye ali maso, mlonda wa anzake. Anajambulira m'nyumba yosungiramo katundu imene anaisandutsa chombo pogwiritsa ntchito malata, mapaipi ndi timagetsi tambirimbiri. Kujambula kunatha Lachisanu. Lolemba m'mawa, Madala akumanga zingwe za nsapato, anagwa chammbali. Pamene ankafika nawo kuchipatala n'kuti mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita.

Lumo anatsala ndi zithunzi za maola makumi asanu ndi limodzi, ndi mpando wothyoka uja uli wokhawokha pambali pake.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Kwa masabata asanu ndi awiri analumikiza, kumasula, kulumikizanso. Zambiri zinkamveka: mayi uja akupukuta mabokosi, akudya yekha, akukangana ndi kompyuta ya m'chombo, akukanda mizere pakhoma. Chimene chinamuimitsa mutu chinali kumapeto. Mpweya wayamba kuchepa, belu lochenjeza likulira, mayi akuyenda pang'onopang'ono kudutsa mabokosi onse, n'kukaima pa bokosi nambala 17. Akuima nthawi yaitali. Kenaka akuzimitsa makina a bokosilo, n'kukhala pansi. Belu likusiya kulira. Filimu yatha.

Nanga m'bokosi 17 munali ndani? Chivundikiro chake chinali cha galasi losaonekera m'kati, ndipo Madala sanajambulemo ngakhale kamodzi. Lumo anaimbira foni mtsikana amene anasewera ngati mlonda uja. Mtsikanayo anati naye sadziwa, Madala anangomuuza kuti azimitse ngati akudzidula yekha dzanja. Wa kamera anati iye amajambula zimene wauzidwa, za chifukwa akafunse kwa eni ake. Pa sewero lolembedwa lija, tsamba lomaliza linali ndi mathero ena osiyaniranatu, oti chombo chafika ndipo anthu akutsika akuimba.

Tsiku loyesa filimuyo, kampani inaitana anthu makumi atatu ongowatola mumsewu, n'kuwakhazika m'chipinda chamisonkhano. Lumo anaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pofika pakati, ena anali atayamba kuseweretsa mafoni. Mayi uja atazimitsa makina, bambo wina wa kutsogolo anafunsa mokweza kuti kodi mnzakeyo anamulakwira chiyani, chipinda chonse n'kuphulika ndi phwete. Pa timapepala timene anagawa kuti anthu alembe maganizo, mayi wina analemba kuti wataya maola awiri kuonera munthu akukolopa, kenaka n'kupha mnzake popanda chifukwa.

Mwini kampani, amene antchito akakhala okha ankamutchula kuti Msangamsanga, anaitana Lumo mu ofesi tsiku lomwelo. Sanakalipe. Anamupatsa madzi ozizira, n'kunena kuti maholo a kanema anasungitsidwa kale ndipo tsiku silisuntha. Iye anali ndi nzeru yake: ajambulenso tsiku limodzi lokha, atsegule bokosi 17, m'katimo mupezeke chilombo cha mano ataliatali chimene chakhala chikumwa mpweya wa anthu. Anali atapeza kale munthu wina wopanga zotsatsa malonda amene angamalize ntchitoyo.

"Anthu amakonda zilombo, Lumo," anatero. "Ndikukupatsani masiku asanu ndi atatu. Mukalephera kundionetsa chanzeru, mupereke makiyi a chipinda chija."

Lumo anatuluka mu ofesimo. Madzi anali atafika m'khosi. Sankaopa kwenikweni za makiyiwo. Chimene chinkamudya mumtima chinali choti filimu yomaliza ya Madala idzatuluke ndi chilombo cha pulasitiki, dzina la Madala lili pamwamba, mwini wake ali chigonere osatha ngakhale kukana.

M'mawa mwake anapita kunyumba kwa Madala. Anawapeza atagonekedwa pabalaza, pa bedi limene analisunthira pafupi ndi zenera kuti aziona msewu. Anatsegula laputopu, n'kuwaonetsa mapeto aja, n'kuwafunsa pang'onopang'ono ngati mmene amafunsira mwana. Kodi muli mwamuna wake? Kodi muli mdani? Madala anangomuyang'ana, malovu akutsikira pachibwano. Anawaika cholembera m'dzanja lamanzere. Dzanjalo linanjenjemera, n'kukoka kamzere kokhotakhota, cholembera n'kugwa. Lumo anachitola n'kuwagwiritsanso, kachiwiri, kachitatu, mpaka akazi awo, amene Lumo ankawati alamu, anamugwira paphewa n'kunena kuti kwakwana, munthuyo si makina.

Anamuperekeza mpaka pageti, ndipo ndi pamenepo pamene anatchula za buku. Anati osindikiza mabuku aimba kawiri kufunsa za buku la filimuyo. Lumo ankadziwa kuti kampani inakonza zoti nkhani ya m'filimumo ilembedwenso ngati buku, lodzagulitsa pakhomo la holo kwa amene aikonda, koma ankaganiza kuti ndi ntchito ya munthu wongokopera sewero lolembedwa lija, ndipo sanaiikepo mtima. Alamu anaseka kaseko kouma. Anati wolemba bukulo si wongokopera ayi. Ndi mkazi woyamba wa Madala, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo Madala ankapita kumeneko Loweruka lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi kukamufotokozera nkhani yonse.

"Ine yanga inali kuwasitira malaya," anatero alamu. "Ndiye kenaka anakangana, sindidziwa chifukwa. Buku linatha koma mayiwo akukana nalo. Ngati pali munthu wodziwa za bokosi lanulo, ndi iwowo."

Aphunzitsiwo ankakhala kutsidya lina la tauni, m'nyumba ya pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Lumo anakwera mabasi awiri, n'kukwera masitepe opapatiza onunkha utoto. Amene anatsegula chitseko anali mayi wamfupi, waimvi, magalasi ali pamphumi. Anamvetsera mpaka Lumo atamaliza, ataimirira pakhomo pomwepo. Kenaka anati amva za matendawo ndipo ndi zomvetsa chisoni, koma bukulo ndi lawo, ndipo silituluka m'nyumbamo. Chitseko chinatsekedwa mwaulemu, popanda kumenyetsa, ndipo Lumo anaona kuti bola chikanamenyetsedwa.

Kunyumba mkazi wake anamuyang'ana akutembenuzatembenuza chakudya m'mbale osadya. Anamuuza kuti munthu wopempha sapita chimanjamanja, ndipo ngati alibe chopereka apereke manyazi ake. Apite akawaonetse mayiwo filimu yoipayo mmene ilili. Mphunzitsi, anatero, atha kukana chilichonse koma sangapirire kuona ntchito yolakwika osaikonza.

Anabwererako m'mawa, laputopu ili m'chikwama. Mayiwo atatsegulanso chitseko, Lumo sanapemphe buku. Anati ali ndi filimu imene anthu akuiseka, ndipo pakatha masiku asanu ndi limodzi m'bokosi 17 muikidwa chilombo cha mano ataliatali. Nkhope ya Aphunzitsi inasintha. Anafunsa kuti wati muikidwa chiyani. Lumo anabwereza. Mayiwo anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi, n'kupatuka pakhomo kuti alowe.

Anaonera pa tebulo lodyera, pakati pa mulu wa nyuzipepala zakale ndi mtsuko wa maluwa ouma. Aphunzitsi anayang'anitsitsa kwa theka la ola. Pofika pamene mayi wa m'chombo akukanda mzere pakhoma ndi mpeni, anakweza dzanja kuti aimitse. Anafunsa Lumo kuti iye akuganiza kuti mayiyu akuchita chiyani. Lumo anayankha kuti akuwerenga zaka, monga amachitira akaidi.

"Muli ndi ana, bambo?"

"Atatu, mayi."

"Ndiye yang'anitsitsani. Mkaidi amalemba mizere yake yoimirira, moyandikana. Iyi ndi yopingasa, ndipo ikukwera m'mwamba. Woyamba uli m'chiuno mwake. Womaliza uli paphewa."

Lumo anayang'anitsitsa. Mizere yotere inali pa mphuthu ya chitseko cha kukhitchini kwake, imene mkazi wake ankakana kuti ipakidwe utoto. Chithunzi chimenechi anali atachionera mwina kokwana makumi asanu, koma maso ake anali asanaone kanthu.

Aphunzitsi analowa kuchipinda n'kubwera ndi mapepala omangidwa ndi kansalu, masamba mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Anati awerengere pomwepo, patebulopo. Iwo anakatenga zosita n'kuyamba kusita pakona, msana atamupatsa.

Lumo anawerenga kuyambira m'mawa umenewo mpaka dzuwa kupendeka, osadzuka. Bukulo linalowa mmene kamera sinalowe, m'mutu mwa mayi uja. M'bokosi 17 munali mwana wake wamwamuna wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayiyo anavomera ntchito yaulonda, yokhala yekha zaka khumi ndi zisanu, chifukwa imeneyo ndiyo inali njira yokhayo yopezera mwanayo malo m'chombo. M'chaka chachitatu cha ulendo, kagetsi ka pabokosilo kanasintha kuchoka kobiriwira n'kukhala kofiira. Mwana anali atamwalira m'tulo. Lamulo la m'chombo linali loti bokosi la womwalira lizimitsidwe kuti mpweya usawonongeke. Mayiyo anatenga pulasitala m'bokosi la mankhwala n'kumata pa kagetsi kaja, n'kunamiza kompyuta kuti waya wasokonekera. Kwa zaka zisanu ndi zinayi makina anapopera mpweya munthu wosapuma, mpweya wa anthu ena makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Chaka chilichonse, tsiku lobadwa la mwanayo, mayi ankakanda mzere pamene ankaganiza kuti mutu wake ukanafika. Mikangano yake ndi kompyuta, imene Lumo anaidula kwambiri poiona ngati yotopetsa, yonse inali ya chinthu chimodzi: kompyuta inkadziwa kuti masamu a mpweya sakugwirizana, ndipo mayiyo ankadziwa chifukwa chake. Kumapeto kuja sankapha munthu. Ankavomera maliro amene anawakana zaka zisanu ndi zinayi.

Atatseka tsamba lomaliza, Lumo anapeza kapu ya tiyi pambali pake, itazizira kalekale. Sanadziwe nthawi imene inabwera. Aphunzitsi anakhala pampando moyang'anana naye, n'kumuuza zotsala, ndi mawu osakwera osatsika, ngati akuitana mayina m'kalasi.

Iwo ndi Madala anali ndi mwana, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anadwala matenda a m'mutu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kugonekedwa pa makina opumira masiku khumi ndi limodzi. Madokotala ananena kuti ubongo unafa kale, ndipo panali mwana wina wofuna makina omwewo amene akanatha kuchira. Aphunzitsi anakana, tsiku ndi tsiku anakana. Tsiku la khumi ndi chimodzi anapita kunyumba kukasamba ndi kusintha zovala, ulendo wa ola limodzi. Pobwera anapeza bedi layalulidwa. Madala anali atasaina pepala. Banja linatha chaka chomwecho, ndipo kwa zaka zonsezo sanatchulirane dzina la mwanayo. Ndiye chaka chatha Madala anangotulukira pamasitepe paja ndi nkhani ya chombo, n'kunena kuti palibe wina angailembe. Aphunzitsi anamvetsa kuti uku ndiko kupepesa kwa munthu wosadziwa kupepesa. Analemba, ndipo polemba mayi wa m'chombo uja anayamba kuona, kwa nthawi yoyamba, kulemera kwa dzanja limene limazimitsa. Koma Loweruka lomaliza Madala anawauza kuti m'filimumo mwana saoneka, satchulidwa, anthu adzangomvetsa okha.

"Ndinawauza kuti mwamuikanso m'manda ine kulibe," anatero Aphunzitsi. "Ndinawathamangitsa. Patangotha milungu itatu ndinamva kuti agwa."

Zaka khumi ndi zinayi Lumo anakhala ndi Madala m'kachipinda kopanda zenera, ankadziwa mankhwala amene ankamwa ndi nyimbo zimene ankadana nazo, koma za mwana anali asanamvepo. Anapempha bukulo, ndipo popempha anangopezeka wagwada pansi, bambo wamkulu wa ana atatu, bondo limodzi lili pa nyuzipepala. Aphunzitsi anamuuza kuti adzuke asawachititse manyazi. Anamanganso mapepala aja ndi kansalu n'kumupatsa. Anangoika lamulo limodzi: aliyense wotuluka m'holo adziwe kuti m'bokosimo munali mwana.

Anatsala ndi masiku asanu. Anayala bukulo pa mpando wothyoka uja, n'kubwerera ku zithunzi zonse zimene anazitaya, maola makumi asanu ndi asanu ndi atatu, tsopano akudziwa chimene akufuna. Mkazi wake ankamubweretsera chakudya ndi malaya masana, n'kumuuza kuti akununkha ngati chombo chakecho. Maso anatupa, msana unauma. Tsiku loyamba silinapereke kanthu. Tsiku lachiwiri anapeza kachidutswa ka masekondi khumi ndi limodzi kamene anakataya chifukwa kamera inagwedezeka: dzanja la mayi likumata pulasitala pa kagetsi kofiira. Anakaonera kasanu, n'kudzuka, n'kukaima pakhonde. Madala anali atajambula. Sanauze munthu, koma anajambula.

Kuchokera pamenepo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, ngati ndalama zachitsulo m'thumba la malaya akale. Panali chithunzi cha mayi akuyeza ndi chikhatho kuchoka pa mzere wapamwamba kufika pachibwano chake. Panali china akutsuka timakapu tiwiri pomwe amadya yekha. Bukulo linamuuza malo a chilichonse: pulasitala m'chaka chachitatu, timakapu m'chachisanu, mkangano waukulu ndi kompyuta m'chakhumi. Koma nkhope ya mwana panalibe, ngakhale nsapato, ngakhale chidole. Pofika tsiku lachinayi Lumo anaonera zonse zimene analumikiza n'kuona kuti munthu wochenjera atha kumvetsa, koma bambo wa kutsogolo uja adzasekabe. Anagwetsa mutu patebulo. Lamulo la Aphunzitsi linali lisanakwaniritsidwe, ndipo kunatsala tsiku limodzi.

Anaimbira wojambula mawu, mopanda chiyembekezo, kumufunsa ngati Madala anamujambulitsapo china chilichonse chachilendo. Munthuyo anaganiza kaye, n'kunena kuti tsiku lina Madala anamupempha kuti abwere ndi mwana wake wa sukulu ya mkaka, n'kumuwerengetsa manambala kuyambira wani mpaka teni, ngati mmene amachitira ana pobisalirana. Atamaliza, Madala anamuuza kuti asunge mawuwo yekha, asawapereke kwa munthu mpaka iwo atanena. Lumo anatsegula bukulo tsamba lachisanu ndi chinayi. Tsiku lonyamuka, pomugoneka mwana m'bokosi, mayi anamuuza kuti atseke maso awerenge mpaka teni, akamatsegula adzakhala atafika. Mwanayo anagona ali pa seveni.

Wojambulayo atamutumizira mawuwo, Lumo anawaika malo awiri. Koyamba filimu isanaonetse chilichonse, mdima uli bii, kamwana kakuwerenga n'kulekeza pa seveni. Kachiwiri kumapeto, mayi ataima pa bokosi 17, dzanja lili pa switchi, milomo yake ikugwedera. Lumo kale ankaganiza kuti mtsikanayo akupemphera. Atakulitsa chithunzicho anaona kuti akunena eyiti, naini, teni.

Msangamsanga anaonera tsiku lachisanu ndi chitatu, mu ofesi yake. Foni yake inalira kanayi, ndipo sanaiyankhe, chinthu chimene mlembi wake anati sanachionepo. Filimu itatha anatsokomola n'kunena kuti chilombo chikanagulitsa matikiti ambiri, koma nthawi yatha. Adule mphindi khumi za kukolopa, zotsalazo zikhale.

Lumo sanapite kwawo. Ananyamula laputopu molunjika kwa Madala, mtima uli m'mwamba ngati mwana wopita kukaonetsa makolo zotsatira za mayeso. Alamu anawakhazika Madala ndi mapilo, n'kukhala pambali ndi kathaulo kopukutira pakamwa. Lumo anaika laputopu pa katebulo, n'kuyatsa.

Mdima. Kamwana kanayamba kuwerenga.

Madala anatulutsa mawu amene Lumo anali asanamvepo kwa munthu, kubuula kochokera pansi pa mimba. Dzanja lamanzere lija, limene linkalephera kugwira cholembera, linakankha katebulo ndi mphamvu, laputopu n'kugwa chafufumimba. Kamwana kanapitiriza kuwerenga kuchokera pansi, foro, faifi, mpaka Lumo anagwada n'kutseka. Madala anali atatembenuzira nkhope kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Alamu anamukokera Lumo kukhitchini n'kutseka chitseko. Anafunsa kuti mwana ameneyo ndi ndani. Lumo anayesa kunena kuti ndi wa m'filimu chabe, koma alamu anamuyang'ana m'maso, ndipo bodza linamukanika. Anafotokoza zonse, ataimirira pakati pa sinki ndi firiji. Mayiwo anamvetsera atagwira kathaulo kaja ndi manja awiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za banja, anatero pamapeto pake, ana awiri aakazi, ndipo ankaganiza kuti amuna awo amadana ndi zipatala chifukwa cha fungo la mankhwala. Anamupempha kuti apite.

Filimu inatuluka pa tsiku lake. Palibe anaseka. Anthu sanadzaze maholo, koma amene anabwera ankatuluka mwakachetechete, ndipo ambiri ankaima pa katebulo ka pakhomo kugula buku, limene Aphunzitsi analola kuti lisindikizidwe. Wolemba wina wa m'nyuzipepala anati amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene mayi uja amatsukira makapu awiri awerenge bukulo, pakuti filimu ikuonetsa manja koma buku likuonetsa mtima. Anthu a pakampani anamugwira chanza Lumo. Iye ankangogwedeza mutu. Sankadziwa ngati anapulumutsa filimu ya Madala kapena anawavula pagulu. Munthu amene anajambula pulasitala ndi mawu a mwana ankafuna kuti zidziwike. Munthu yemweyo anazibisa ngakhale kwa mkonzi wake. Amene akanayankha funsolo anali chigonere pafupi ndi zenera, ndipo Lumo akalowa pabalaza paja ankatseka maso mpaka atuluke. Anapita katatu, kenaka analeka.

Patatha mwezi ndi theka alamu anamuimbira foni. Anati anapita okha kwa Aphunzitsi, anakhalako tsiku lonse, ndipo awiriwo agwirizana chinthu. Madala sanapondeko kumanda a mwana wawo chiikireni maliro. Awafunsa ngati akufuna kupitako, ndipo anaphethira kamodzi, kumene masiku ano kumatanthauza kuti inde. Galimoto ilipo, koma njinga ya olumala singadutse pakati pa manda, ndipo akufunika munthu wamphamvu zowanyamula.

Anapita Lachitatu m'mawa, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Alamu ankayendetsa, Aphunzitsi ali pambali pawo ndi maluwa pamwendo, Lumo ndi Madala kumbuyo, aliyense akuyang'ana zenera lake. Pageti la manda Lumo anatsika, n'kuzungulira, n'kuwerama. Anapisa mkono umodzi pansi pa mawondo, wina kumsana, n'kudzutsa. Madala anali opepuka mochititsa mantha, ngati mtolo wa zovala. Maso awo anali otsegula. Dzanja lamanzere linakwera pang'onopang'ono n'kugwira kolala ya malaya a Lumo, n'kuipotokola mpaka batani linadina pakhosi. Lumo sanadziwe ngati akumukanyanga kapena akuopa kugwa, ndipo sanalichotse.

Manda anali atakula kwambiri m'zaka zimenezo. Mtengo umene Aphunzitsi ankazindikirira malo unali utadulidwa, ndipo mizere yatsopano inali itadzaza pamene kale panali njira. Amayi awiriwo anatsogola, wina akuwerenga mayina kumanja, wina kumanzere, Aphunzitsi akunena kuti ndi chapafupi ndi mpanda, alamu akufunsa kuti mpanda wake uti poti ilipo iwiri. Lumo ankawatsatira pambuyo, akuponda mosamala pakati pa miyala, thukuta likulowa m'maso, mikono itayamba kuwawa. Atafika pamphambano ya tinjira, amayi aja anakhotera kumanja. Dzanja la pakolala lija linamukoka kumanzere, kamodzi, mwamphamvu. Lumo anaima, n'kuwaitana amayiwo kuti abwerere.